Mmene mungawerengere mtunda ndi nthawi ya ulendo wa pandege pakati pa Dubai ndi Guangzhou

Anthu ambiri amene amakapikula katundu ku Asia amayenda pakati pa mizinda iwiri, Dubai ku United Arab Emirates ndi Guangzhou ku China, ndipo funso limene amafunsana kawirikawiri ndi lakuti ulendowu ndi wa maola angati. Mayankho ake sagwirizana. Wina amati maola 7, wina amati 9, ndipo wina amene wangoyang'ana pa tikiti amalumbira kuti ndi maola oposa 11 popita koma 4 okha pobwerera. Aliyense mwa anthuwa ali ndi pamene watenga nambala yake. Mtunda wa pakati pa mabwalo awiri a ndege susintha, koma nthawi imadalira njira imene ndege yapatsidwa, mphepo ya tsikulo, nyengo ya chaka ndi wotchi ya dziko limene mukukatera, choncho munthu amene akufuna kukonza ulendo wake bwino ayenera kudziwa kuwerengera yekha. Njira yake ndi imodzimodzi pa mizinda ina iliyonse iwiri, koma pano tigwiritsa ntchito Dubai ndi Guangzhou kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Yambani ndi kutsimikiza mabwalo a ndege, osati mizinda chabe. Bwalo lililonse lili ndi chizindikiro cha zilembo zitatu chimene chimalembedwa pa tikiti ndi pa kapepala kamene amamata pa chikwama chanu. Bwalo lalikulu la ku Dubai ndi DXB, limene lili pafupi ndi dera la malonda la Deira, koma mzindawu uli ndi bwalo linanso, Al Maktoum, la chizindikiro cha DWC, limene lili kutali cha ku Jebel Ali, ndipo mzinda woyandikana nawo wa Sharjah uli ndi lake, SHJ. Bwalo la ku Guangzhou limatchedwa Baiyun, linatsegulidwa mu 2004, ndipo chizindikiro chake ndi CAN, kuchokera ku dzina lakale la mzindawu, Canton, limene likadalipo pa chionetsero chachikulu cha malonda cha Canton Fair chimene chakhala chikuchitika kuyambira 1957. Lembani papepala DXB ndi CAN, chifukwa zilembozi ndizo muzigwiritsa ntchito pa masitepe onse otsatira.

Kenako pezani mtunda wachidule kwambiri pakati pa mabwalo awiriwo. Pa mapu a papepala anthufe timafulumira kuika rula n'kujambula mzere wowongoka, koma dziko ndi lobulungira, ndipo mzere wowongoka wa papepala si umene uli waufupi kwenikweni. Ngati muli ndi mpira wa mapu a dziko, wonga umene umapezeka m'masukulu, tengani ulusi, mugwire nsonga imodzi pa Dubai ndi ina pa Guangzhou, ndipo muukoke mpaka ukungike. Mudzaona kuti ulusiwo ukupendekera pang'ono chakumpoto, kudutsa kumwera kwa Iran ndi Pakistan, kumpoto kwa India pafupi ndi malire a Nepal, kumpoto kwa Myanmar, kenako chigawo cha Yunnan ku China. Mtunda wa ulusi umenewu ndi makilomita pafupifupi 5,830. Amene ali ndi intaneti angathe kuupeza msanga polemba DXB-CAN pa tsamba la Great Circle Mapper, kapena pogwiritsa ntchito choyezera mtunda cha pa Google Maps.

N'zotheka kutsimikiza nambalayi ndi pensulo yokha, ndipo ndi bwino kuyesa kamodzi kuti mudziwe kumene imachokera. Pa mapu a dziko malo amasonyezedwa ndi madigiri, ndipo DXB ili pa madigiri pafupifupi 25 kumpoto ndi 55 kum'mawa, pamene CAN ili pa madigiri 23 kumpoto ndi 113 kum'mawa. Mizindayi yatsala pang'ono kukhala pa mzere umodzi, ndipo kusiyana kwake kwakukulu ndi madigiri 58 a kumadzulo ndi kum'mawa. Pa equator, mzere wogawa dziko pakati, digiri imodzi ndi makilomita 111, koma mukamapita kumpoto mizere ya pa mapu imayandikana, moti pamene pali mizinda iwiriyi digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 101. Mukachulukitsa 58 ndi 101 mupeza 5,858, nambala imene yasiyana ndi ya ulusi ija ndi makilomita owerengeka chabe. Kuti muone kukula kwake, ulendo wa pandege wochokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500, choncho wa Dubai ndi Guangzhou ndi wautali pafupifupi kanayi.

Samalani ndi muyezo umene tsamba lagwiritsa ntchito. Mtunda womwewu ena amaulemba 3,620, amene ndi mailosi a pamtunda, a makilomita 1.609 imodzi, ndipo ena amaulemba 3,145, amene ndi mailosi a panyanja, a makilomita 1.852 imodzi, omwe oyendetsa ndege ndi zombo amagwiritsa ntchito. Sinthani zonse zikhale makilomita musanapitirire.

Sitepe yachitatu ndi kuwonjezerapo pang'ono, chifukwa ndege siitsata ulusi uja ndendende. Monga mmene msewu wa Lilongwe ndi Blantyre uli makilomita oposa 300 pamene mbalame youluka chowongoka ingayende pafupifupi 240, ndege nazo zili ndi misewu yake mumlengalenga imene oyang'anira kayendedwe ka ndege amaziuza kuti zitsate. Pa ulendo uwu ndege zimapewa mapiri a Himalaya ndi dera lokwera la Tibet, chifukwa injini imodzi ikavuta kapena mpweya wa mkati mwa ndege ukathawa, woyendetsa amafunika kutsika msanga kufika pamene anthu angapume bwino, ndipo pamwamba pa mapiri otalika chotero palibe potsikira. Ku China mbali yaikulu ya mlengalenga ili m'manja mwa asilikali, choncho ndege za anthu wamba zimadutsa m'njira zoikika zimene nthawi zina zimazungulira. Ndale nazo zimalowererapo. Mu 2019, India ndi Pakistan atasemphana, Pakistan inatseka mlengalenga mwake kuyambira kumapeto kwa Febuluwale ndipo inatsegula kwathunthu mu Julayi, moti ndege zambiri za pakati pa maiko a Aluya ndi kum'mawa kwa Asia zinkalambalala chakumwera. Pa tsiku labwinobwino ine ndimawonjezera makilomita 5 pa 100 alionse, zimene zimafikitsa ulendowu pa makilomita pafupifupi 6,100. Imeneyi ndi nambala yoyerekeza, yothandiza powerengera, osati yolembedwa pa chikalata cha kampani iliyonse.

Tsopano gawani mtundawo ndi liwiro. Ndege zazikulu za maulendo ataliatali, monga Boeing 777, Boeing 787 ndi Airbus A380, zikafika pamwamba pa makilomita 10 mpaka 12 zimayenda pa liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola. Mukagawa 6,100 ndi 900 mupeza maola 6.8, ndipo apa ambiri amalakwitsa poganiza kuti ndi maola 6 ndi mphindi 8. Nambala ya kumanja kwa kadontho iyenera kuchulukitsidwa ndi 60, choncho 0.8 ndi mphindi 48. Ndege siyamba ndi liwiro lonselo ikangonyamuka, ndiponso imalichepetsa pamene ikutsika ndi kufola pamzere wotera, motero wonjezerani mphindi 20 kapena 30. Wonjezeraninso zina 20 kapena 30 za kuyenda pansi, kuchokera pachipata kukafika pamsewu wonyamukira ndi kuchokera potera kukafika pachipata china, popeza nthawi imene kampani imalemba pa tikiti imayambira pamene ndege yachoka pachipata ndipo imathera pamene yaima pachipata cha kumene ikupita. Zonse pamodzi zikupereka maola 7 ndi theka kapena kupitirirapo pang'ono, mphepo isanawerengedwe.

Mphepo ndiyo imachititsa kuti ulendo wopita ndi wobwerera usafanane, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Pamwamba pamene ndege zimayenda pali mphepo yamphamvu yowomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, imene oyendetsa ndege amaitchula kuti jet stream, ndipo pakati pake liwiro limatha kupitirira makilomita 200 pa ola. M'miyezi yozizira ya kumpoto, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mphepoyi imatsikira kumwera n'kumadutsa pamwamba pa maiko a Aluya, kumpoto kwa India ndi kumwera kwa China, kumene kuli njira yeniyeni ya ulendo wathuwu. Ndege yochoka ku Dubai imakankhidwa kumsana, pamene yochoka ku Guangzhou imalimbana nayo maso ndi maso. Tiyerekeze kuti pa ulendo wonse mphepo ikuwomba makilomita 100 pa ola. Popita kum'mawa ndege idzadutsa makilomita 1,000 pa ola poyerekeza ndi pansi, ndipo 6,100 kugawa ndi 1,000 ndi maola 6 ndi mphindi 6. Pobwerera idzadutsa 800 okha, zimene zikupereka maola 7 ndi mphindi pafupifupi 38. Kusiyana kwake ndi ola limodzi ndi theka pa mtunda womwewo, ndege yomweyo.

Mukaphatikiza maulendo awiriwo mudzapezanso kuti zimene mphepo yakupatsani popita sizikwanira kubweza zimene yakulandani pobwerera, chifukwa ndege imakhala nthawi yaitali ikulimbana ndi mphepo kusiyana ndi imene imakhala ikukankhidwa. Ena amanena kuti kusiyanaku kumabwera chifukwa dziko limazungulira pansi pa ndege, koma zikanakhala choncho ulendo wopita kumadzulo ndi umene ukanakhala waufupi, pakuti dziko limatembenukira kum'mawa. Mpweya umazungulira limodzi ndi dziko, ndipo ndege imayenda mkati mwa mpweyawo. Umboni uli pa kanema kakang'ono ka kumbuyo kwa mpando. Pa ulendo wa mu Januwale wopita ku Guangzhou, yang'anani mzere wosonyeza liwiro pamene ndege ikudutsa India, ndipo mwina mudzaona nambala yoposa 1,000. Pobwerera mudzaona nambala yotsika kwambiri pamalo omwewo, injini zikulira chimodzimodzi.

M'miyezi ya Juni mpaka Seputembala, nthawi ya mvula yaikulu ku India, mphepo ija imasamukira kumpoto kwa Tibet, ndipo kusiyana kwa maulendo awiriwa kumachepa kwambiri. Makampani nawo amasintha ndandanda yawo kawiri pachaka, kumapeto kwa Malichi ndi kumapeto kwa Okutobala. Pa ulendo wosaima pena paliponse, monga wa Emirates kapena China Southern, yembekezerani maola 7 mpaka 8 popita ku Guangzhou ndi maola 8 mpaka 9 pobwerera ku Dubai.

Mukamaliza kuwerengera kwanu, tengani tikiti muyerekeze. Lamulo lake ndi lakuti nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya pa wotchi ya malo amene yatchulidwa, yonyamukira ndi ya kumene mukuchoka ndipo yofikira ndi ya kumene mukukatera. Guangzhou ili patsogolo pa Dubai ndi maola 4, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi madigiri 58 aja, chifukwa dzuwa limadutsa madigiri 15 pa ola. Maiko onse awiri sasintha wotchi ndi nyengo monga amachitira ku Britain, komanso dziko lonse la China, ngakhale ndi lalikulu, limatsata wotchi imodzi ya Beijing, choncho maola 4 amenewa ndi a chaka chonse. Popita kum'mawa chotsani maola 4, pobwerera wonjezerani 4. Tiyerekeze kuti tikiti yalembedwa kuti kunyamuka ku DXB ndi 10:30 ndipo kufika ku CAN ndi 22:00. Pongoyang'ana ndi maola 11 ndi theka, koma mukachotsa 4 atsala 7 ndi theka. Ngati yobwerera yalembedwa kuti kunyamuka ku CAN ndi 00:15 ndipo kufika ku DXB ndi 04:30, zikuoneka ngati maola 4 ndi mphindi 15, koma mukawonjezera 4 mupeza maola 8 ndi mphindi 15. Munthu uja amene amalumbira za maola 11 ndi 4 anangoiwala sitepe imeneyi. Amene muli ndi abale ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare kumbukirani kuti Dubai ili patsogolo pawo ndi maola 2 ndipo Guangzhou ndi maola 6, moti mukatera 10 koloko usiku ku China, kwanu ikhala 4 koloko madzulo.

Nthawi yonga 00:15 ili ndi msampha wake umene wagwetsa anthu ozolowera kuyenda omwe. Tikiti ikanena kuti Lachinayi 00:15, ndiye kuti muyenera kukhala pabwalo la ndege Lachitatu usiku cha m'ma 9 koloko, chifukwa Lachinayi limayamba pakati pa usiku. Ndinaonapo mayi wina wa geni atafika pabwalo Lachinayi madzulo ndi zikwama zitatu zokulungidwa ndi pulasitiki, pasipoti ili m'manja, akutsutsana ndi wa pa kauntala kuti tsiku lake ndi lomwelo, pamene ndege yake inali itatera kale ku Dubai m'bandakucha wa tsikulo. Anagula tikiti ina ndi ndalama zimene anasungira msonkho wa katundu. Mukalandira tikiti yotere, lembani pa kalendala ya pafoni tsiku ndi ola lochokera ku hotelo, osati lonyamukira ndege. Kachizindikiro ka +1 pafupi ndi nthawi yofikira kamatanthauza kuti mudzatera tsiku lotsatira.

Ngati tikiti yotchipa ikufuna kuti musinthe ndege panjira, werengerani chigawo chilichonse pachokha kenako muphatikize. Kudzera ku Bangkok ndi makilomita pafupifupi 4,900 kuphatikizapo 1,700, onse pamodzi 6,600. Kudzera ku Doha mumayamba mwabwerera kumadzulo makilomita pafupifupi 380, kenako 6,200 kupita ku Guangzhou, ndipo zonse zimafikanso pafupi ndi 6,600. Kudzera ku Singapore n'kozungulira kwambiri, chifukwa mtunda wa Dubai ndi Singapore, makilomita pafupifupi 5,850, ndi wofanana kale ndi wa Dubai ndi Guangzhou, ndipo mukafika kumeneko mumatsala ndi ena 2,650 opita kumpoto. Komabe chimene chimatalikitsa maulendo oterewa kwenikweni ndi kudikira. Chigawo chilichonse chili ndi kukwera, kutsika ndi kuyenda pansi kwake, ndipo pakati pake pamakhala maola awiri, asanu kapena usiku wonse. Ine sindivomera kusintha ndege kwa nthawi yochepera maola awiri, ndipo ngati matikiti awiriwo agulidwa padera ndimafuna nthawi yoposa pamenepo, popeza katundu mumayenera kumutenga n'kumuperekanso nokha, ndipo ndege yoyamba ikachedwa kampani yachiwiri siikhala ndi udindo wokuikani mu ndege ina. Ena amatera ku Hong Kong n'kukwera sitima yothamanga yochokera ku West Kowloon, imene inayamba mu 2018 ndipo imafika ku Guangzhou South m'nthawi ya pafupifupi ola limodzi, koma njirayi ili ndi malire ena oti muwoloke, choncho funsani za ziphaso zake musanagule tikiti. Amene mukuchokera ku Malawi ndipo simukufuna kugula kanthu ku Dubai, dziwani kuti Ethiopian Airlines imapita ku Guangzhou kuchokera ku Addis Ababa, motero kudzera ku Dubai si njira yokhayo.

Musanalipire, onani mmene ndege imene mwasankha yakhala ikuyendera masiku apitawa. Lembani nambala yake, imene imayamba ndi EK ngati ndi ya Emirates kapena CZ ngati ndi ya China Southern, pa tsamba la Flightradar24 kapena la FlightAware, ndipo mudzaona nthawi yeniyeni imene inanyamuka ndi kutera, pamodzi ndi njira imene inadutsa pa mapu. Nthawi ya mumlengalenga imene masambawa amasonyeza imakhala yaifupi kusiyana ndi ya pa tikiti, chifukwa makampani amaikapo mphindi zina zapadera kuti ndege ikachedwa pang'ono izionekabe kuti yafika pa nthawi yake. Ngati ndegeyo yachedwa kanayi pa sabata imodzi, konzani ulendo wanu ngati kuti idzachedwanso. Nyengo nayo muiganizire. Kumwera kwa China kumagwa mvula yamabingu kuyambira Epulo, ndipo anamondwe a m'nyanja amafika kwambiri pakati pa Julayi ndi Seputembala, pamene ku Dubai chimene chimasokoneza ndege kawirikawiri ndi chifunga cha m'mawa m'miyezi yozizira, ngakhale kuti mu Epulo 2024 mvula yosaoneka kawirikawiri inasefukira pabwalo la DXB n'kusokoneza maulendo kwa masiku angapo. Nthawi ya Canton Fair, mu Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi ndiponso mu Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala, mipando imatha msanga ndipo mizere ya pa ofesi yoona za anthu olowa m'dziko imatalika.

Chomaliza ndi kuwerengera kuchokera pakhomo la hotelo ya ku Dubai kukafika pakhomo la hotelo ya ku Guangzhou, chifukwa nambala imeneyi ndi imene mudzauze wokuchingamirani ndi wogulitsa katundu amene mwapangana naye. Kuchokera ku Deira kupita ku DXB ikani theka la ola, kaya pa takisi kapena pa sitima ya metro ya mzere wofiira, imene imaima pa Terminal 1 ndi Terminal 3. Ikani maola 3 a pabwalo ndege isananyamuke, poganizira kuti makampani ambiri amasiya kulandira katundu kutatsala ola limodzi, ndiponso kuti wa pa kauntala adzafuna kuona viza ya ku China mu pasipoti yanu asanakupatseni chiphaso chokwerera. Ikani maola 7 ndi theka a ulendo, ola limodzi ndi theka la kudinditsa pasipoti ndi kudikira zikwama, ndi ola lina lochokera ku Baiyun, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda, kupita ku Xiaobei kapena Sanyuanli kumene amalonda ambiri a ku Africa amafikira. Zonse pamodzi ndi maola 13 ndi theka. Mukachoka ku Deira 7 koloko m'mawa, mudzafika pa hotelo wotchi ya ku Dubai ikunena 20:30, imene ku Guangzhou ndi 00:30 ya tsiku lotsatira. Sitima ya metro ya mzere wachitatu, imene imafika pabwalo la Baiyun, siyenda usiku wonse, choncho sungani ndalama za takisi, sungani pafoni dzina ndi keyala ya hotelo zolembedwa m'zilembo za Chitchaina zoti mudzaonetse dalaivala, ndipo uzani a hoteloyo kuti chipinda chanu ndi cha usiku wa tsiku limene mwanyamuka ku Dubai, ngakhale mudzafike tsiku litasintha kale.